Jombo za Bambo, Mapazi a Mayi

Mumsewu wonsewo palibe amene ankavutika ndi dzina lawo. Aliyense ankangoti a Jombo. Zaka makumi awiri ndi zisanu, m'mawa uliwonse, mayiwa ankatsetserekera kumtsinje atavala jombo za amuna awo, zazikulu moti zinkalira phwa phwa, alesi a pakhonde n'kumaseka. Ati akukachapa. Kuchapa kwanji kopanda ndowa?

Pansi pa mlatho pali chipilala cha manambala, choyezera kukwera kwa madzi. Amene analembedwa ntchito yowerenga manambalawo ndi kuimbira foni ku ofesi ya zamadzi anali amuna awo. Koma pasanathe zaka zitatu, maso a bambowo anachita ng'ala. A Jombo anangotola kope ndi pensulo. Iwo ankawerenga, bambo ankaimba foni, pakamwa tseke.

Chaka chimene mtsinje unalusa, ndi a Jombo amene anaona madzi atakwera mizere inayi pa ola limodzi. Anathamanga mpaka jombo imodzi kutsala m'matope. Msika wonse wakumunsi unasamutsidwa, osafa ndi mmodzi yemwe. Mendulo anaveka bambo, a Jombo akuwomba m'manja kumbuyo.

Ndiye tsiku lina mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, analowa m'khitchini wefuwefu, chikwama chili m'khosi.

"Amayi, mizinda yonse ya m'mbali mwa mtsinje ikulemekeza amayi amene anaigwirira ntchito. Zithunzi adzazipachika muholo. Ine ndapereka dzina lanu."

Mtima wa a Jombo unadumpha, tisaname. Ankazifuna, ankazifunitsitsa. Koma anasuzumira kuchipinda kumene bambo ankamvera wailesi, n'kutsitsa mawu.

"Ukalichotse. Ukufuna bambo ako azitchedwa wakuba mendulo atakalamba chonchi?"

Namwino analichotsa akung'ung'udza. Komabe tsikulo litafika a Jombo anasita diresi kawiri, ati akungopita kukaonera anzawo. Bambo nawo anavala jekete n'kunena kuti asasiyidwe.

Muholo munali modzaza, mpando wopanda munthu osaoneka. Anaitana mzamba amene anabadwitsa theka la mzindawo, nthungululu. Anaitana mayi woyamba kuyendetsa basi, woumba njerwa za sukulu, mphunzitsi wa kutsidya amene anabwera pa njinga ya olumala. A Jombo anawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa, chimwemwe chosakanikirana ndi kansanje.

Woyendetsa mwambo ali pafupi kutseka, bambo anadzuka, ndodo patsogolo.

"Pepani, mwana wanga, tandibwerekani chimkuzamawucho."

A Jombo anawakoka jekete. Bambo osatembenuka n'komwe.

"Wailesi ndimamvera, koma makutu ndili nawo awiri," anatero bambowo. "Ine manambala a pachipilala paja ndinawaona komaliza namwino uyu akuyamwa. Amene anakupulumutsani chaka cha madzi chija ndi mayi awa, amene munkawaseka jombo. Ine ndinangoimba foni."

Bambo anapisa m'thumba, natulutsa mendulo ija, chingwe chake chitasuluka. Anafufuza ndi manja mpaka anapeza mutu wa akazi awo.

"Tsitsani pang'ono, bambo, mwandikola khutu," ananong'ona a Jombo.

Kenaka mipando inayamba kukhuluka. Amayi a kumsika wakumunsi ndi amene anayamba, ena akubwera chothamanga, wojambula akukankhana nawo kuti apeze poima. Bambo anagwira dzanja la akazi awo mwamphamvu.

"Phokosoli n'lachiyani, mayi? Akundinyoza?"

"Ayi, bambo. Aimirira."

"Angati? Tandiwerengereni."

A Jombo, amene ankawerenga manambala m'chifunga ndi m'mvula osaphonya mzere, anayang'ana holo ija, napukuta m'maso, nayang'ananso.

"Lero sindikuona bwino, bambo."