Mlendo wa ku Indonesia ndi dimba la alamu anga

Lachiwiri lapitali, m'minibasi yochokera ku Golomoti, ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wachikulire wa ku Indonesia amene ankapita ku Mua kukaona zosemasema. Ataona kope langa pamwendo, anandifunsa m'Chingerezi chothyokathyoka ngati ndine mtolankhani. Ndinavomera monyada.

Nawonso akuti ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana. Atalemba za alimi a mpunga amene analandidwa minda, akuluakulu ena anatseketsa nyuzipepala yawo. Anakhala zaka akugulitsa zakudya m'mbali mwa msewu. Kenako anayamba kulemba nkhani zopeka: alimi omwewo, minda yomweyo, mayina okha ndiwo osintha.

"Nanga inu," anatero, "nkhani imene mumaopa kulemba ndi iti?"

Ndinaseka. Koma nkhaniyo ilipo, abale anga, ndipo ili pakhomo pathu ku Mtakataka.

Achemwali anga anamwalira chaka chatha. Amuna awo, a Phiri, anabwera chikamwini ine ndili kupulayimale. Dimba la mpunga anaswa mphanje ndi iwo, mango tikudyawa anabzala ndi iwo. Loweruka lino tikuwasudzula, ndipo abale agwirizana kuti azipita kwawo ndi khasu lawo basi. Kwawo kuti? Owadziwa kumeneko anatha kalekale.

Ine mwini mbumba, pamsonkhanopo ndinangoti, "Mwambo ndi mwambo." Ine yemweyu, wodzudzula anthu patsamba lino sabata ndi sabata! Manyazi andigwira.

Mayi wamasiye akalandidwa katundu timafuula, ndipo n'zoyenera. Nanga mkamwini wokalamba, amamulirira ndani? Timangomuuza kuti wamasuka, ngati tamuchitira chifundo.

Mayi aja atatsika, ndinaganiza zowatsanzira, kusintha mayina. Koma kuno sizingathandize. Ukangotchula mtengo wa mango, mudzi wonse wadziwa kale. Komanso mayiwo anataya ntchito chifukwa cha minda ya anthu osawadziwa n'komwe, pomwe ine ndikungoopa kundikwiyira kwa abale.

Dzulo ndinakawapeza a Phiri akumanga katundu.

"Alamu, masulani mitoloyo."

"Nanga abale anu aja?"

"Loweruka ndikayankhula ine."

Anandiyang'ana, manja ali pachingwe.

"Mbewu ya mpunga ndinaisunga, alamu. Ndiye nazale ndifese?"

Sindikudziwa kuti abale akandimvera kapena ayi. Koma a Phiri ndinawauza kuti afese.