Hadi ya m'thumba la jekete

Kompyuta ija ndinkaitcha mkazi mnzanga. Bambo a kunyumba kwathu anali mphunzitsi wa pulaimale kuno ku Bangula, ndipo ndiwo ankaphunzitsa kwaya ya kutchalitchi kwathu. Akapeka nyimbo, ina m'Chisena ina m'Chimang'anja, ankaiyimba okha pamaso pa kompyutayo n'kuisunga mmenemo. Ine ndikamachokera kumsika, thupi lonse likununkha milamba yowamba, ndinkawapeza ali naye mnzangayo, osandiona n'komwe kuti ndalowa.

Chaka chawo chomaliza kompyutayo inadzaza, ndipo inayamba kulira mkati kuti tche, tche, tche. Iwo anati chikulira ndi hadi, kachitsulo kosunga zonse za mu kompyuta, ndipo yakalamba. Anapita ku Nchalo n'kubwera ndi ina yaikulu. Loweruka m'mawa analumikiza zonse ziwiri, nati zonse za m'yakaleyo zikopedwe mmene zilili kulowa m'yatsopano. Anandiuza kuti ntchitoyo itenga nthawi ndipo ikatha kompyuta izima yokha. Atatero ananyamuka kupita kukwaya.

Nyumba yathu inali ndi soketi imodzi. Malaya awo a Lamlungu anali makwinyamakwinya. Ndinazula waya wa kompyuta, ndinalumikiza ayironi, ndinasita malayawo, n'kubwezera waya pamalo pake. Atabwera anaipeza yozima, nasangalala kuti yamaliza msanga. Anachotsa hadi yakale, naika yatsopano, nayatsa. Sikirini inangokhala bii, pamwamba pali kamzere kamodzi ka Chingerezi. Anazimitsa, nayatsanso, koma zinali chimodzimodzi. Anakanda mutu nati aikonza Loweruka linalo. Ine zoti ndinazula waya sindinawauze, chifukwa sindinkafuna kukangana nawo pa nkhani ya mkazi mnzanga.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Lachinayi anagwa m'kalasi, ndipo Loweruka limene ankanenalo tinali pamaliro awo.

Hadi yakale ija anaisiya pampando, ndipo amene anaitola ndine. Ife a kuchigwa kuno chinthu chofunika sitichisiya pansi, madzi anatiphunzitsa kalekale. Ndinaikulunga m'pepala la shuga, n'kuilowetsa m'thumba lamkati la jekete yawo yakuda imene inkakhala pa msomali wa pamwamba penipeni. Kenako maliro anandiiwalitsa zonse. Tsiku logawa katundu wa malemu, njinga inapita kwa mng'ono wawo, jekete inapita kwa atsibweni awo a kwa Tengani. Kompyuta anandisiyira, poti panalibe wofuna chinthu chosayaka.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri ndinazindikira chinthu chimene chinandiopsa. Nkhope yawo inalipo pazithunzi, koma mawu awo anali akuchoka m'mutu mwanga. Ndikati ndikumbukire mmene ankandiitanira, ndinkangomva mawu a munthu wamba. Akwaya ankaimbabe nyimbo zawo, koma ankazikoka mwa iwo eni. Ndinachita mantha kuti tsiku lina ndidzadzuka mawuwo atatheratu.

Ndinakweza kompyuta pa kabaza kupita kwa bambo wina wokonza mafoni ndi makompyuta kuseri kwa msika, munthu wosathamanga pa ntchito. Anayamba ndi mawaya, kuwazula ndi kuwabwezera. Kenako analowa pamalo pamene kompyuta imauzidwa hadi yoti iyambire, napeza kuti hadi yatsopanoyo ikuoneka bwinobwino. Ndiye anaichotsa n'kuilumikiza ku kompyuta yake.

"Mayi," anatero, "zoti iyake si nkhani, ndiikonza ndi fulashi. Koma taonani apa."

Mayina a nyimbo onse analipo, mndandanda wautali. Akatsegula iyi, mulibe kanthu. Akatsegula iyo, mulibenso kanthu.

"Kukopa kunadukira panjira. Kodi magetsi anazima tsiku limenelo?"

Ndinati sindikukumbuka. Linali bodza.

"Nanga hadi yakale ili kuti? Nyimbo zenizeni zili mmenemo."

Apo m'pamene jekete inandibwerera m'maganizo.

Chinthu chogawidwa pamaliro sichiitanitsidwa. Ukangoyamba, anthu amati namfedwa sanakondwe ndi kagawidwe, mwina akufuna kubweza zonse. Ndinakhala milungu iwiri ndikulimbana ndi mtima wanga. Lamlungu lina ndinamanga milamba ingapo m'kathumba, ndinakwera minibasi mpaka kwa Tengani, kwinako ndinayenda wapansi.

Atsibweniwo ndinawapeza akutsika panjinga, akuchokera kutchalitchi. Dzuwa linali loswa mtengo, koma iwo anali m'jekete yakuda ija, mabatani onse omanga, mbali ya kumanzere italendewera. Titapatsana moni ndinagwada n'kuyamba kuzungulira nkhani, kuti sindinabwerere jekete ayi, jekete ndi yawo mpaka kalekale.

"Mukunena kachitsulo aka?" anatero, akusisita pachifuwa. "Ndinakaona tsiku lomwelo. Akazi anga anati tikataye, mwina ndi mankhwala. Ine ndinati ayi. Chimene mwini wake anasiya m'thumba, ine ndine yani kuti ndichichotse? Ndimapita nako kutchalitchi Lamlungu lililonse."

"Bambo, muli mawu awo mmenemo. Nyimbo zawo zonse."

Anaseka pang'ono. "Ndiye kuti mphwanga sanajombepo kutchalitchi." Anakatulutsa, kali m'pepala la shuga lomwe lija, nandipatsa ndi manja awiri. Nditawapatsa nsomba anathokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, pyadidi," ndipo za kagawidwe sanatchulepo kanthu.

Wokonza uja atamva kuti hadi yakhala ikugwedezeka panjinga miyezi yonseyo, anagwira pakamwa. Anati sitiiyatsira kompyuta, ingatifere m'manja, koma tiilumikiza pambali n'kuyamba kutola nyimbo zokhazokha, zina zonse pambuyo. Inayamba kulira kwake kuja, tche, tche, tche. Nyimbo yoyamba inawoloka, yachiwiri inawoloka. Ine ndinali pa benchi ndikuwerenga ndi zala. Itadutsa ya khumi ndi chimodzi, kulira kunasiya. Anayesa waya wina, anaidikira kuti izizire, koma sinadzukenso. Pa mndandanda paja panali nyimbo zoposa makumi asanu ndi limodzi.

Pomwepo ndinamuuza za ayironi. Sanandidzudzule. Anangoti anthu ambiri amataya yakale asanaone ngati yatsopano ikuyaka, ine bola ndinasunga. Mawu akewo anali abwino, koma sananditonthoze. Nyimbo zinazo ndinazipha ndine, chifukwa cha malaya amene anavalidwa tsiku limodzi lokha. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti bambo aja anamwalira akuganiza kuti analakwitsa ndi iwo.

Kompyuta inakonzedwa tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero imayaka. Hadi yaikulu ija ili pafupifupi yopanda kanthu, muli nyimbo khumi ndi imodzi basi. Khumi ndinazipereka kwa akwaya pa fulashi, kuti amve mmene mwini wake ankaziimbira. Yotsalayo sindinapereke, chifukwa ndi yosatha. Ndi nyimbo ya Chisena, ndipo ali pakati pa ndime yachiwiri kumamveka mawu a mkazi akukuwa panja, mawu aukali ndithu: "Bambo, chakudya chikuzizira kuno! Kapena mkazi wanuyo wakuphikirani kale?"

Tsiku limenelo sindilikumbuka, poti ndinkakuwa choncho masiku ambiri. Iwo amasiya kuimba, amaseka chapansipansi, n'kuyankha kuti, "Ndikubwera, mayi." Kenako pamamveka mpando ukukhwekhwereka, ndipo nyimboyo imathera pomwepo.