Chaka Chimene Ndinali Amake Luwiza

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anyamata a m'mudzi mwathu anandipatsa dzina lachizimayi. Dzinalo silinandichoke mpaka lero. Ine si munthu wa mawu ambiri, sukulu ndinalekeza kupulayimale, koma nkhani iyi ndiifotokoza.

Kwathu ndi ku Mwanza, kumapiri a kwa Kanduku. Nthawi imeneyo ku Mozambiki kunali nkhondo. Anthu ankatulukira m'tinjira ta m'tchire, ena atasenza mphasa ndi mapoto, ena chimanjamanja. Mmodzi wa iwo anali a Zuze. Anafika pakhomo pathu mapazi atatupa, mwana wamkazi ali paphewa. Bambo anawapatsa malo kumapeto kwa munda wathu, pafupi ndi mitengo ya manachesi. Anamangapo kanyumba kaudzu.

Mwanayo anali Luwiza. Amake, a Domingasi, anasiyana nawo tsiku lothawa. Mfuti zitayamba kulira, a Zuze ananyamula mwana n'kuthamangira kumtsinje. Mkazi wawo anali atapita kotunga madzi mbali ina. Sanaonanenso. Palibe ankadziwa ngati ali moyo.

Pakati pa sabata a Zuze ankagwira ganyu m'minda ya anthu. Loweruka ankalawirira, Luwiza paphewa, ulendo wa kumalire kumene othawa nkhondo ofika kumene ankalembetsa mayina. Ndi kutali, njira yake yokwera ndi kutsika. Ankafunsa aliyense amene wakumana naye: "Mwaonako mayi wina, dzina lake Domingasi, wa chipsera pachibwano?" Ankabwerera dzuwa litapendeka.

Bambo anali ndi mwambo wawo wa pa Nyuwere. Tikabwera kutchalitchi n'kudya mpunga wa nkhuku, ankatikhazika pansi pa mtengo wa mango. Aliyense ankanena chinthu chimodzi chimene achite chaka chimenecho. Chimodzi basi, pamaso pa onse. Oyamba ankakhala iwowo. Chaka ndi chaka ankati, "Ine fodya ndasiya." Amayi ankangoyang'ana kumbali. Sabata isanathe tinkawapeza kuseri kwa nkhokwe akupichira chingambwe.

A Zuze ankakhala nafe pamwambowo. Chaka choyamba anati, "Chaka chino ndimupeza mkazi wanga." Chaka chinatha asanamupeze. Chotsatira ananenanso zomwezo. Chinathanso.

Chaka ndikunenachi zinthu zinali zitavuta. Luwiza anali atakula ndi kulemera. Mu Disembala mvula inawapeza panjira, mwana n'kudwala chibayo. Tinatsala pang'ono kumutaya. Kuchipatala anawaletsa a Zuze kuyenda naye m'mvula. Womusiyira panalibe. Loweruka amayi ankapita kumsika ndi tomato, ndipo mlongo ine ndinalibe. Mwanayonso anali wamantha. Munthu wina akamugwira, ankalira mpaka mawu kutha. Ankalola anthu awiri okha, bambo ake ndi ine. Ine chifukwa ndinkamusendera manachesi n'kumuchotsera njere. Palibe china.

Tsiku la Nyuwere bambo ananena za fodya wawo. Itafika nthawi ya a Zuze, anayamba kukanda pansi ndi kamtengo.

"Achimwene," anatero kwa bambo, "kawiri konse ndanama pansi pa mtengo uno. Kumupeza si kwanga, ndi kwa Mulungu. Yanga ndi miyendo. Ndikanalonjeza kuti ndizipita Loweruka lililonse, koma ndi mwanayu sindingathe. Chaka chino mundidumphe."

Bambo anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe?"

"Ndikhala nambala wani m'kalasi."

"Chaka chatha unatero. Unakhala nambala chani?"

Ndinakanda m'mutu.

"Nambala wani amagawa ndi aphunzitsi. Nena chimene chili m'manja mwako."

Onse anaseka, ine mtima n'kupsa. Ndinayang'ana pansi. Luwiza anali atagwira mwendo wanga, mpunga uli m'masaya. Mawu anangotuluka okha.

"Ndizimulera uyu Loweruka. A Zuze azipita."

"Chaka chonse?"

"Chaka chonse."

"Mwamva nonse," anatero bambo.

A Zuze anandigwira dzanja ndi manja awo awiri, monga amachitira akuluakulu okhaokha. "Ndatenda, shamwali." Kwawo kutenda ndiko kuthokoza, shamwali ndiye bwenzi. Panalibe wamkulu amene anali atanditchulapo chotero.

Amayi anandiphunzitsa kubereka: kuwerama, kukhazika mwana kumsana, kumanga chitenje pachifuwa. Ine ndinkamanga mfundo yomangira mbuzi. Amayi ankamasula n'kumanganso, akupukusa mutu. Phala ndinkaphika la mibulu. Luwiza ankadya osadandaula. Kodyetsa mbuzi ndinkapita naye, akuimba tinyimbo take m'khutu mwanga, dovu likutsikira m'khosi mwa malaya anga.

Vuto linali mpira. Ine ndinali goloboyi wa anyamata a m'mudzi mwathu, ndipo mpira unkaseweredwa Loweruka. Mvula itakata tinapangana ndi anyamata a tsidya lina la mtsinje. Ndinapita, Luwiza ali kumsana. Ndinamuyalira chitenje kuseri kwa golo, ndinamupatsa nachesi, ndinamuuza kuti asasunthe.

Tinasewera bwino, palibe anagoletsa. Chakumapeto, pamsewu wapafupi panadutsa lole yakale. Pokwera chitunda inaphulika kumbuyo ngati mfuti. Luwiza anakuwa. Kukuwa kwake sikunali kwa mwana wofuna nachesi wina. Anathamangira m'bwalo n'kundigwira miyendo. Nthawi yomweyo mnyamata wa tsidya lina anali akubwera ndi mpira. Ndinamuona bwinobwino. Ndinawerama n'kunyamula mwana. Mpira unadutsa pambali panga n'kulowa.

Tinagonja. Fanuwelo, mkulu wa timu yathu, anavula malaya n'kuwaponya pansi.

"Timayesa tili ndi goloboyi, osadziwa kuti ndi ntchembere! Amake Luwiza, pitani mukayamwitse!"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Lolemba pofika kusukulu, dzina linali litandidikira kale. Atsikana ankandinyonyomalira panjira: "Mwadzuka bwanji amake Luwiza? Nanga mwana wagona bwanji?" Pagolo anaikapo wina.

Ndinapita kwa bambo. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe, utsi uli tolotolo.

"Ndasiya. Sindileranso mwana."

"Unalonjeza."

"Inunso munalonjeza. Nanga icho n'chiyani?"

Ndinkayesa andimenya. Anayang'ana ndudu yawo nthawi yaitali, kenako anaseka pang'ono.

"Wanena zoona. Koma tamvera. Ine ndikalephera, chopsa ndi chifuwa changa. Iwe ukalephera, munthu sapita kukafuna mkazi wake. Pita ukawauze wekha a Zuze. Ine sindikunenera."

Ndinapita. Ndinawapeza atakhala pakhonde akusoka nkhwayira zawo za tayala ndi waya, kukonzekera Loweruka. Kuchidendene zinali zitadyeka mpaka kubooka. Anadzutsa mutu.

"Shamwali, kwagwanji?"

"Palibe. Ndimangodutsa."

Loweruka m'mamawa ndinali pakhomo pawo ndi chitenje.

Chaka chinayenda. M'nyengo yozizira, chifunga chitaphimba mapiri, ankapita. Mu Okutobala, dothi likuotcha mapazi, ankapita. Ine ndinkalera. Wina akaitana "amake Luwiza" ndinayamba kungoyankha, ndipo ondiseka anatopa okha. Luwiza anaphunzira kutchula dzina langa, anaphunziranso kuthamangitsa mbuzi m'chimanga. A Domingasi sanapezeke.

Pa Nyuwere yotsatira bambo anasiyanso fodya. A Zuze anati, "Ine changa ndakwanitsa. Ndibwereza." Ndinadabwa. Munthu wayenda chaka chathunthu osapeza kanthu, akuti wakwanitsa. Bambo anandiyang'ana. Ndinali nditakonza zonena zobwerera pagolo. Luwiza anali atagona pamiyendo panga, kukamwa kuli yasa.

"Inenso chomwecho," ndinatero.

A Domingasi anafika titakolola, ndipo silinali Loweruka. Linali Lachitatu, a Zuze ali kuganyu. Pafupi ndi polembetsera paja panali mayi wina wogulitsa zitumbuwa. A Zuze ankamufunsa sabata ndi sabata mpaka funso lawo analiloweza. Tsiku limenelo anamva mzimayi wina woonda ali pamzere akutchula dzina lake. Anamuyang'ana pachibwano. Anavundikira beseni lake n'kumugwira dzanja. "Tiyeni mayi, amuna anu anditopetsa." Anafunsira njira mpaka kufika naye kwathu.

Ndinabwera ndi mbuzi chakumadzulo n'kupeza anthu atadzaza pakhomo pa a Zuze. A Zuzewo anali atakhala pansi, khasu lili pambali, akulira osabisa nkhope. Mzimayiyo anatambasula manja kwa Luwiza. Luwiza sanamudziwe. Anakuwa n'kuthawira kwa ine, kubisala kuseri kwa miyendo yanga. Manja a mayi uja anatsika pang'onopang'ono. Zimenezo sindidzaiwala.

Wina m'gulumo anaitana mosaganiza, "Amake Luwiza, tamunyamulani!"

Tinatembenuka awiri.

Anthu anaseka, ena akupukuta misozi. Amayi anawafotokozera a Domingasi zonse. A Domingasi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye ndinu mwandisungira dzina langa?"

"Eya."

"Ndabwera kudzalitenga. Koma zikuoneka kuti mwanayo sakufuna."

Ndinapita kumtengo, ndinathyola nachesi, ndinawapatsa. "Musende, muchotse njere. Akapeza njere amalavula zonse."

Anasenda. Luwiza anayang'ana ine, anayang'ana nachesi. Analandira, dzanja lina atagwirabe kabudula wanga.

Panapita masabata asanalole kuberekedwa ndi amake. Masiku oyamba ndinkayenda pambali pawo kupita kumtsinje, iye atagwira chala changa. Kenako tsiku lina anapita osandifunsa. Ndinakhala pakhonde ndi chitenje changa, osadziwa chochita nalo Loweruka. Nkhondo itatha anabwerera kwawo onse atatu.

Pagolo sindinabwererenso. Nambala wani sindinakhalepo. Bambo anamwalira akusutabe.

Lero ndili ndi imvi. Mtengo wa mango ulipobe, ndipo pa Nyuwere ndimakhazika ana ndi adzukulu pomwepo. Amanena zikuluzikulu: galimoto, nyumba ya malata, ulendo wa ku Joni. Ine ndimawafunsa mafunso awiri. Kodi chili m'manja mwako? Ukalephera, avutike ndani? Lonjezo lopanda wolidikira silifika Febuluwale. Ndinaonera fodya wa bambo. Langa linafika kumapeto osati chifukwa ndinali mwana wabwino, koma chifukwa Loweruka lililonse panali munthu atavala nkhwayira zobooka, akundidikira pakhomo.

A Fanuwelo nawo akalamba, mano anatha. Tikakumana kumsika kapena kumaliro amakuwabe, "Amake Luwiza, mwana ali bwanji?"

Ndimati, "Anakula."