Nyimbo Imene Ndinakana Kuyambitsa

Usiku wathawu ndinalota maloto oti mpaka pano pakhosi pakundiwawa ngati ndachezera kuimba pamaliro.

Kwa amene simundidziwa bwino, ine ndi amene ndimayambitsa nyimbo pagulu la amayi ovina a chipani kwathu kuno, anzanga n'kumavomera. Ndipo phungu uja akutukwanidwa pa wailesi iliyonse, amene anaimirira yekha kumbali ya boma n'kuvota kuti Pulezidenti wa chipani chake chomwe achotsedwe pampando, ndi mlongo wanga Dalitso, wobadwa pambuyo panga. Atcheya athu, Mayi Nachisale, anandiuza kale kuti pamsonkhano wa Loweruka ndidzayambitse nyimbo yomunyoza. Ndikakana ndibweze nsalu ya chipani, ndipo tsiku limene maliro adzagwe pakhomo panga ndisadzayembekezere mayi aliyense wa pagulupo. Ndinagona nazo mumtima zimenezo.

Ndiye kutuloko nyumba ya malamulo inali m'chigayo cha pamsika pathu. Aphungu anakhala pamatumba a chimanga, masuti awo onse ali mbuu ndi ufa. Sipikala anakwera pasikelo atagwira belu la kusukulu, n'kunena kuti amene akufuna Pulezidenti achoke aimirire. A mbali ya boma onse anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Dalitso yekha anaimirira. Pamwamba anavala jekete ndi tayi, koma m'munsi munali kabudula wake wa kupulayimale uja wong'ambika kumbuyo, amene ndinkamusokera ine. Chigayo chinazima chokha.

Kenako tinapezeka pabwalo la mpira, dzuwa lili paliwombo. Anyamata a chipani ananyamula bokosi la maliro, Dalitso ali m'katimo wamoyo, atakhala tsonga, akudya chinangwa chootcha. Anthu amene Dalitso anawakumbitsira mjigo ndi amene anali patsogolo kukuwa kuti mthirakuwiri. Amalume athu anabisala kuseri kwa golo, akuuza aliyense wodutsa kuti mwanayo ngakhale ali wamng'ono anali wosamva. A chipani chotsutsa, amene pa wailesi akumutcha ngwazi, anali pamwamba pa mtengo wa mango akuwomba m'manja. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsika.

Dzenje linali litakumbidwa kale pakati pa bwalo. Koma bokosi silikanatsika popanda nyimbo, ndipo nyimbo sikanayamba popanda ine. Oimba ng'oma manja anali m'mwamba, akudikira. Amayi anzanga anazungulira atavala nsalu zathu zija za nkhope ya Pulezidenti, ndipo maso a pansalu zonsezo ankanditsatira kulikonse kumene ndasunthira.

Mayi Nachisale anandikodola. "Anaphiri, tikudikira inu. Yambani, tiike munthu tizipita."

"Mukuika ndani? Si uyu akudya chinangwayu?"

"Ameneyo kuchipani anamwalira tsiku lovota lija," anatero.

Ndiye nkhope ya pansalu yanga yomwe inatsegula pakamwa, m'chiuno mwanga momwemu, n'kunena kuti, "Imba, mayi iwe. Anakuveka ndani?"

Abale, ndinapsa mtima. Kupsa mtima kwenikweni, kotentha mpaka m'makutu. Zaka zonsezi ndavina padzuwa ndi pafumbi, ndakwera malole opanda mabuleki kupita kokalandira anthu amene ngakhale dzina langa salidziwa, lero nsalu izindifunsa kuti anandiveka ndani? Sindikunena kuti Dalitso anavota bwino kapena molakwa. Ngakhale kundiuza sanandiuze, ndinamvera pa wailesi ngati munthu wamba, ndipo zimenezo ndidzamukoka nazo khutu ndekha. Koma kumukoka khutu ndi kwa ine. Si kwa bwalo lonse.

Ndinamasula nsaluyo pamaso pa onse, n'kutsala ndi diresi langa lakale lochapira. Amayi anzanga anakuwa kuti mayo. Ndinapita pabokosipo, anyamata aja n'kupatuka okha, ndinatembenuka n'kuwerama monga ndinkachitira kale amayi athu akapita kudimba n'kundisiyira mwana.

"Kwera," ndinamuuza.

Anakwera. Ndinamubereka ndi nsalu ya chipani yomweyo, nkhope ija itayang'ana m'kati kuti isiye kulongolola, ndinamanga mfundo pachifuwa. Bambo wamkulu wa ndevu zake, miyendo ikukwekwereza pansi, koma sankalemera n'komwe.

"Achemwali, mundigwetsa," anandinong'oneza.

"Ndinakugwetsapo liti iwe?"

Kenako bwalo lija linatalika. Ndikayenda, msewu wopita kwathu unkasunthira patsogolo, anthu akuchulukirachulukira mbali zonse. Mayi Nachisale ankayenda pambali panga atanyamula mtanda wa pamanda, akundiuza kuti pa maliro anga padzakhala agalu okhaokha. Ndinawayankha kuti agaluwo adzaimba bwino kuposa iwo.

Ndiye ndinayambitsa nyimbo. Osati yawo ija. Ndinayambitsa imene malemu amayi athu anapeka okha, yotonthozera Dalitso akamalira ndi malungo, imene ndinaphunzitsako amayi a pagulu tsiku lina lole itatifera panjira. Onse amaidziwa. Palibe anavomera.

Inu oimba mukudziwa kuwawa kwake kuyambitsa nyimbo anthu osavomera. Mawu ako amapita okha n'kubwerera okha, umachita manyazi mpaka m'mawondo. Dalitso anayamba kulemera, mfundo ya pachifuwa ikumasuka pang'onopang'ono. Ndinadziwa kuti akangogwa pansi, anyamata aja amutola n'kumubwezera m'bokosi. Ndinakokanso mpweya, n'kuyambitsanso mokweza, mpaka mango kuyoyoka mumtengo muja.

Pamenepo mawu amodzi anavomera kumbuyo kwanga. Mawu a mayi, apansipansi, onjenjemera, ochokera pakati pa nsalu zomwe zija. Ndinkawadziwa mawuwo, ndavina nawo limodzi, koma dzina linandithawa. Mfundo inalimba yokha. Ndinatembenuka kuti ndione kuti ndi ndani, mutu wa Dalitso n'kunditchinga, ndinatembenukira mbali inayo —

Go go go pachitseko!

Ndinadzidzimuka kunja kutayera, manja anga atagwira pachifuwa ngati pali mfundo. Anali Mayi Nachisale enieni, abwera kudzamva kuti ndaganiza bwanji. Ndinachotsa nsalu pachingwe, ndinaipinda bwinobwino n'kuwapatsa. Ndinawauza kuti nsalu ndi yawo atenge, koma pakhosi pano sanandipatse ndi iwo.

Tsopano inu odziwa maloto, tandimasulireni. Za bokosi ndi dzenje musavutike nazo, zimenezo ndazimva ndekha. Komanso amene mukufuna kundiuza kuti ndipepese, sungani mawu anu. Ine ndikufunsa za mayi uja anavomera. Kodi anali malemu amayi athu? Kapena ndi mtima wanga womwe unkangodzinamiza? Ndikufunsa dala pano, chifukwa ambiri a inu amene mukuwerenga timavina limodzi.

Loweruka ndidzapita kumsonkhanoko ndi diresi langa lochapira lija. Ndidzaima kunja kwa bwalo n'kuyambitsa nyimbo ya malemu amayi ija. Ndikufuna ndidzamve ngati mawu aja anali a kutulo kokha.