Mafuta Amene Ndinayengula pa Diramu

Anthu a kwathu ku Sinda amanena kuti malemu mkazi wanga anapha ng'ombe yake chifukwa cha umbuli. Akulakwitsa, ndipo ine ndawalekerera kwa nthawi yaitali.

Kumtunda kwa dimba lathu kunali malo onyikirako mitengo ya bulugamu m'mankhwala akuda oletsa chiswe. Madzi otsukira kumeneko ankatsikira m'chitsime chathu, nanunkha ngati dibi, mankhwala ophera nkhupakupa za ng'ombe. Ine, amene ndinaphunzitsa sayansi mpaka kupuma, ndinadziwa kuti muli poizoni wotchedwa fenolo, amene amakonda mafuta kuposa madzi. Ukathira mafuta m'madzi otere, nkutakasa, nkudikira, mafutawo amayandama atanyamula poizoniyo.

Ndinagula mafuta ophikira ku Katete, ndinawathira mu diramu la madzi a m'chitsimemo, ndinatakasa ndi mpini wa khasu, ndipo ndinayengula katatu. Fungo linachepa. Ndinaitana mkazi wanga ndi kumufotokozera za madziwo mwatsatanetsatane, monga m'kalasi.

“Aphunzitsi,” iye anatero akuseka, “belu lilira liti? Matimati akufota.”

Za madzi ndinanena zonse. Za mafuta, amene ndinawasiya m'chigubu pansi pa nkhokwe, sindinanene kanthu.

Kwathu mafuta satayidwa. Oilo wakutha timapaka pa zilonda za ng'ombe kuti ntchentche zisatere. Ng'ombe yapangolo ya mkazi wanga, imene anampatsa atsibweni ake, inali ndi bala la goli pakhosi ndiponso nkhupakupa m'makutu. Iye ananunkhiza chigubucho, namva fungo la dibi, napaka ndi dzanja lake mosaumira. Pobwera ine kumsonkhano wa madikoni, ndinapeza ng'ombe ikunjenjemera, thovu lili kukamwa. Dzuwa lisanalowe inali itafa.

Anansi atasonkhana anafunsa chimene chachitika. Iye anandiyang'ana, chikhatho chake chitayera ndi kupsa. Ine ndinayang'ana pansi.

“Ndalakwitsa ndine,” anatero. “Abambo sanadziwe.”

Anakhala zaka zina zinayi, osaitchulanso nkhaniyo. Ine, wokonza ziganizo za anthu ngakhale pa maliro, chiganizo chimenecho sindinachikonze iye ali moyo.

Zimene zinalowa pa ntchitoyi ndi izi:
zigubu ziwiri za mafuta ophikira;
ulendo wa minibasi ku Katete, kupita ndi kubwera;
diramu limodzi, losagwiranso ntchito;
ng'ombe imodzi, yokwiriridwa yosadyedwa;
khungu la chikhatho chake chamanja;
mbiri yake pamudzi.