Sikafu ya Wezi

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene fodya wathu sanayende bwino ku okushoni. Bambo ake a Wezi anali atamwalira, ine nditabwerera kwa amama ku Phwezi ndi kamwana kongoyamba kumene sukulu ya mkaka. Msuweni wanga wa ku Kepitauni atandiimbira kuti kuli gogo wachizungu amene akufuna womusamalira, sindinafunse zambiri. Ndine wopupuluma chibadwire.

“Pita, Nyagondwe,” anatero amama. “Mwanayu ndilera ine. Koma uziimba foni.”

Ndisaname, pokwera basi ku Mzuzu mtima unkadumpha ngati ndikupita ku ukwati. Ndinali ndisanadutsepo Lilongwe, ndiye ndikaone nyanja yamchere!

Gogowo dzina lawo linali Hilda. Ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwaphikira ndi kuwapatsa mankhwala. Malipiro anali abwino. Mwezi ukatha ndinkatumiza ya feteleza ndi ya sopo, mpaka amama anafolera nyumba ndi malata. Chovuta chinali masana. Nyumba yaikulu, zii, wolankhula naye Chitumbuka kapena Chichewa palibe. Poyamba Wezi ankalira pafoni. Kenako anasiya kulira, n’kumangoti “Ndili bwino,” uku akuthamangira anzake. Kusiya kulirako n’kumene kunandipweteka.

Gogo Hilda anali ndi dengu lodzaza wulu wamitundumitundu, koma nyamakazi inali itawapinda zala. Tsiku lina anandipeza ndikungoyang’ana pawindo, n’kundipatsa singano ziwiri zolukira.

“Manja anga akana, ako akungokhala. Khala apa.”

Mzere wanga woyamba unali mabowo okhaokha ngati ukonde wa asodzi a ku Chiweta. Tinaseka mpaka gogo anatsokomola. Koma sabata isanathe zala zinali zikuyenda zokha, ndipo ndinkadzuka m’mawa ndikuganiza za wulu.

Ndinayamba ndi juzi ya Wezi, yofiira. Inandidyera miyezi. Ndinkaluka, kulakwitsa, kumasula, kuyambiranso. Itatha ndinaipatsira bambo wina wa ku Bolero amene amanyamula katundu wa anthu kupita kumudzi. Amama anatumiza chithunzi pafoni: manja a juzi alekera m’zigongono, mchombo uli pamtunda. Mwana anali atakula ine ndili kalikiliki ndi singano. Ndinaseka, kenako ndinalira.

Kuyambira pamenepo ndinasiyana nazo zinthu zazikulu. Ndinayamba zipewa, ndipo apa ndiye ndinapeza changa! Chipewa umayamba utadya nkhomaliro, mawa lake wachivala. Palibe chondikomera ngati kudula ulusi womaliza n’kuchitambasula pabondo, chinthu choti dzulo kunalibe. Ndinkaluka zokhala ndi kampira pamwamba, zamizeremizere, timasokosi ta makanda, zomanga kumutu. Ndinkaluka mu minibasi, pachipatala podikira gogo, ngakhale mphika uli pamoto.

“Iwe bulangete sudzaluka,” ankandiseka gogo Hilda.

“Bulangete ndidzagula, agogo.”

Bambo wa ku Bolero uja akamanyamuka, ine jumbo ya zipewa ili kale m’manja.

Zinatha zaka ndithu ndisanapite kwathu. Kenako mwana wa gogo anabwera kudzakhala nawo, n’kundipatsa tchuthi cha mwezi. Munali mu Juni. Ulendo wonse sindinakhazikike, ndinaluka zipewa m’basi mpaka wulu anandithera tisanafike ku Mwanza.

Nditatsika pa Phwezi kunkaomba kamphepo kozizira. Wakabaza woyamba kundithamangira anali atavala chipewa chobiriwira cha kampira koyera. Changa! Ndinachizindikira ndi pamene ndinalumikiza ulusi. Ndisanatseke pakamwa, ndinaona mayi wogulitsa tomato ali ndi khanda kumbuyo, timiyendo tili m’timasokosi tanga. Abambo ena achikulire a kutchalitchi kwathu anavula chipewa chamizeremizere, changanso, n’kundigwira dzanja.

“Monire, Nyagondwe! Ndinu a zipewa aja? Yewo chomene, mwatisunga chaka chino.”

Ndinafika pakhomo ndikuseka ndekha ngati wamisala. “Amama, zipewa zanga zadzaza msika!”

“Nanga ndikanatani? Wezi mutu ndi umodzi, iwe umatumiza ngati ali ndi mitu khumi.”

Ine ndinkaopa kuti anthu anandiiwala. Ndinapeza kuti ngakhale akazi okwatiwa m’mudzimo ine nditachoka ankandidziwa.

Amene sanandithamangire ndi Wezi. Anali atatalika, mano akutsogolo atamera ena. Anagwada patali, kundipatsa moni ngati mlendo, n’kukakhala kumbuyo kwa agogo ake. Ndinamutulutsira nsapato ndi chikwama cha kusukulu. Anati “Yewo,” basi. Masiku angapo anatha choncho, ine mtima uli m’mwamba. Ndinkaganiza kuti mwina ndinachedwa.

Ndinapita pa boma kukagula wulu, n’kumaluka pakhonde osamuitana. Tsiku loyamba anaonerera ali pansi pa mtengo wa mango. Lotsatira anafika pamphasa.

“Mungandiphunzitse?”

Ndinatsala pang’ono kulumpha. “Bwera! Tiluke kachipewa ka chidole, titha lero lomwe.”

“Ayi. Ndikufuna sikafu.”

Ndinamupatsa singano zanga, ine n’kusongola masipoko a njinga yakale. Mwanayo anagwira msanga kuposa ine. Akaweruka kusukulu ankaponya chikwama n’kudzakhala mondigunda phewa. Pamene timaluka m’pamene anayamba kulankhula: za mnzake amene anamubera pensulo, za galu wathu amene anafa, za dzino limene agogo ake anamuzula ndi ulusi. Zonse zimene pafoni zinkathera mu “Ndili bwino.”

Sikafu inakwana kuzungulira khosi kawiri. Ndinati, “Yatha iyi. Bwera ndikuonetse kutseka kwake.”

“Sinakwane.”

Wulu wabuluu atatha analumikiza wachikasu, kenako wofiira. Ine zala zinkandiyabwa. Chinthu chosatha chimandisowetsa mtendere, ndipo tsiku la basi yanga linkayandikira. Sikafu inayamba kukwekwereka pansi.

“Wezi, sikafu imeneyi ndi ya munthu kapena ya nyamalikiti? Tsekatu.”

Sanaseke. Anangowerama, singano zikuyendabe.

“Munati tikamaliza mubwerera ku Joni.”

Ndinalidi nditanena, tsiku limene tinayamba lija, mongocheza. Ndinayang’ana amama amene ankatongola chimanga chapafupi. Sanadzutse mutu. Iwo anali atadziwa kalekale.

Sindinapupulume, mwina koyamba m’moyo mwanga. Malata aja anachokera ku Joni, feteleza nayenso. Kukhala kunatanthauza kubwerera kumunda ndi kuyamba kageni. Ndinalankhula ndi amama kudimba, iwo n’kungoti, “Njala sitinafe nayo usanapite.” Ndinaimbira msuweni wanga kuti apeze munthu wina wodalirika, kenako ndinaimbira gogo Hilda n’kuwafotokozera zonse.

“Singano zijazo ndi za mwanayo tsopano,” anatero gogo.

Nditamuuza Wezi kuti sindipita, anangoti “Chabwino,” n’kupitiriza kuluka. Sanandikhulupirire. Tsiku la ulendo litafika sanafune kupita kusukulu. Anakhala pakhonde kuyang’anira chikwama changa, sikafu itaunjikana pamiyendo, mpaka dzuwa linapendeka ine ndikadali pakhomo ndi chitenje chakumunda.

M’mawa mwake ndikusesa pabwalo, anatuluka atayangata mulu wonse uja, mbali ina ikukoka fumbi.

“Amama,” anatero, “ndionetseni kutseka.”