Fumbi la Malasha pa Mayeso

Ku yunivesite, aphunzitsi athu a zachilengedwe ankatiwerengera phunziro kuchokera m'kope lawo lakale, ife n'kumalemba osadumpha liwu. Pa mayeso anafunsa zinthu zimene zimaipitsa mpweya. Ine ndinawabwezera ziganizo zawo monga anazinenera, ndipo ndinakhoza. Mnzanga wina, mayi wa ku Matundo, kufupi ndi migodi ya malasha, analemba za fumbi la malasha limene ankasesa pakhonde m'mawa uliwonse, ndi za chifuwa cha mwana wake. Aphunzitsi anati zimenezo sizinali m'kope, ndipo anamubwerezetsa chaka chathunthu. Ndinawerenga dzina lake pa pauta, mndandanda wa zotsatira, pakati pa olephera, koma sindinamve kanthu mumtima. Chaka chotsatira mnzangayo anabwereka kope langa, naloweza zonse, nakhoza. Tinamuyamikira monga tinkayamikirira aliyense.